Ufa Woyera m'Kapu ya Bwana Jere

Ufa woyera umene unapezeka pansi pa kapu ya bwana Jere, manijala wa esiteti yathu, sunali mankhwala. Unali laimu wa m'madzi a pa mjigo, amene anamatirira m'kati mwa makina awo ophikira khofi, kenako n'kuyamba kumatuka. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa mpaka lero m'malaini, kumene kuli nyumba za antchito a pa esiteti, muli anthu amene amanena zina, ndipo inu ana anga mudzazimva ine kulibe. Makinawo ndinatsegula ndine, masana dzuwa likuwala, mboni zili pomwepo.

Zaka za ku Blantyre

Ntchito yanga yoyamba sinali ya moto. Nditamaliza sukulu ndinalembedwa pa nyuzipepala ina yaing'ono ku Blantyre, kumene ndinkawerenga nkhani zisanapite kosindikiza, kusaka zilembo zosokonekera. Pambuyo pake anayamba kundituma ku khoti kukamvera timilandu ta njinga ndi mbuzi. Mkonzi wathu anali bambo wamfupi, wa magalasi othyoka mwendo umodzi, ndipo anali ndi funso limodzi lokha. Ndikabweretsa nkhani ankaiyika pambali osaiwerenga, n'kufunsa kuti, "Mukhova, waona wekha kapena wamva?" Ndikati ndamva, ankati, "Nanga wakuuzayo anaona?" Funso limeneli ndi lokhalo limene ndinachoka nalo kumeneko. Mapepala osindikizira atayamba kusowa, nyuzipepala inatsekedwa, ine n'kubwerera kwathu kwa Changata ndi sutikesi ndi tayi imodzi. Amalume anandipezera malo ku fakitale ya tiyi, kothandiza osonkha moto. Tayiyo ndinaivala tsiku loyamba lokha. Anzanga anaiseka mpaka nyengo ya tiyi inatha.

Zaka za ku boyila

Kwa amene simunalowemo m'fakitale, nkhani yake ndi iyi. Tiyi akathyoledwa amafotetsedwa, amaphwanyidwa, amasiyidwa kuti asinthe mtundu, kenako amaumitsidwa ndi mpweya wotentha. Kutenthako kumachokera ku nthunzi, nthunziyo imachokera ku boyila, ndipo boyila amadya mitengo ya bulugamu. Boyila akaima m'miyezi ya mvula, masamba onse amene amayi athyola tsiku limenelo amawola. Ndiye chifukwa chake munthu wa ku boyila sadwala m'dzinja.

Anandiphunzitsa ntchito ndi a Namalawe, mkulu wosonkha moto amene ankalankhula Chilomwe akakwiya ndi Chinyanja akakhuta. Iwo ankatenga sipanala yaitali, nsonga imodzi pa chitsulo cha boyila, ina pakhutu, n'kutseka maso. Injiniya wathu wa masiku amenewo anali mzungu amene tinamutcha Chiperoni, chifukwa ankafika mwakachetechete ndipo aliyense ankazizidwa. Anali wouma mtima koma wachilungamo. Ndiye ananditumiza kukaphunzira mpaka ndinapeza setifiketi ya maboyila, ndipo ndiye anandisamutsira ku fakitale yathu yachiwiri, kumunsi, mbali ya kwa Nsabwe, kuti ndikakhale kapitawo.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwira laimu. Madzi a kumtunda kuno, a m'mitsinje ndi m'madamu, ndi ofewa, sopo amachita thovu msanga. Madzi a pansi pa nthaka m'madera ena ndi oyera mbee, okoma pakamwa, koma amanyamula miyala yosungunuka imene maso saiona. Ukawawiritsa, miyalayo imatsalira pa chitsulo, ngati zija mumaziona pansi pa ketulo yakale. Kampani inkagula mankhwala othira m'madzi oletsa zimenezi, koma zinafika zaka zimene ndalama zakunja zinasowa m'dziko muno, ndipo migolo ya mankhwalawo inasiya kubwera. Tinalibe njira ina. M'miyezi yozizira, tiyi akachepa, tinkazimitsa moto, kudikira chitsulo chizizire, n'kulowa m'kati mwa boyila pa kabowo ka munthu mmodzi, nyundo m'manja, nsalu pamphuno. Tinkatuluka oyera ngati ogwira ntchito pachigayo. Amene ankalowa nane nthawi zonse anali Yohane, mnzanga wapamtima, munthu woimba nyimbo za kutchalitchi ngakhale m'kati mwa boyila. Yohane anamwalira ndi nthenda ya chifuwa ana ake akali pasukulu. Kampani inapatsa mkazi wake, mai Esitere, ntchito yophika ku nyumba ya manijala, ndipo anapitiriza kukhala m'nyumba ya m'malaini. Banja lawo linali la mpingo wa Sabata.

Zizindikiro za laimu ndinaziloweza ngati pemphero. Boyila amachedwa kutentha. Amadya nkhuni zambiri. Nthunzi imatuluka yofooka, yolavula madzi. Ndipo amalira mwamtundu wina, ngati chimanga chikukazingidwa pa phale.

Okutobala wa chaka changa chotsiriza

Ndinali nditabwerera ku fakitale yaikulu, ndipo kunali kutatsala miyezi yowerengeka kuti ndipume. Manijala anali bwana Jere, Mmalawi mnzathu wa kumpoto, amene anakwezedwa kudumpha anthu ena amene ankaona kuti mpandowo unali wawo. Zimenezi aliyense ankazidziwa. Mkazi wawo, madamu, ankaphunzitsa sayansi ku sekondale ya pafupi. Atangolowa m'nyumba ya manijala, wina anasiya dzira lokulunga m'kansalu kakuda pa geti. Ndikutchula zimenezi kuti musawaweruze madamu mopupuluma. Anali kutali ndi kwawo, pakati pa anthu osawadziwa, ndipo sabata imene izi zinachitika bwana anali akudandaula m'mimba.

Ku khitchini kwawo kunali makina a khofi amene bwana anabwera nawo kuchokera kunja, kumene anakachita maphunziro. Si khofi wa m'chitini uja timathira m'madzi otentha ayi. Makinawa amatenthetsa madzi m'kaboyila kawo, n'kuwakankha mwamphamvu kudutsa mu khofi wopera, ndipo kumatuluka kakhofi kochepa, kakuda bii. Bwana ankakonda kuti awonjezeremo madzi otentha a m'kampope ka pambali pa makinawo. M'mawa uliwonse ankawakonzera ndi mai Esitere.

Zimene zinachitika Lachinayi m'mawa sindinazione. Anandiuza madamu paokha, mai Esitere paokha, ndipo mawu awo anagwirizana. Madamu akuchotsa ziwiya anaona timafufuzi toyera pansi pa kapu ya mwamuna wawo. Anaitana mai Esitere.

"Ichi n'chiyani?"

"Sindikudziwa, madamu."

"Pangani kapu ina, ndikuonerereni."

Anapanga. Atakhuthula pang'onopang'ono m'kapu ina, ufa uja unalimonso.

"Ngati mulibe kanthu, imwani."

"Madamu, ine khofi sindimwa. Ngakhale tiyi amene timakhala pakati pakeyu sindinamulawepo. Mukudziwa mpingo wanga."

"Sindikuti mumalize. Mungolawa."

"Mundichotse ntchito ngati mukufuna, koma sindimwa."

Kwa mai Esitere, chimenecho chinali chikhulupiriro chimene anasunga chibadwire. Kwa madamu, ndi kwa alonda amene anamva ali pawindo, munthu wokana kulawa chimene waphika yekha ndiye kuti akudziwa chimene wathiramo. Kwathu kuno mlendo ukamupatsa thobwa umayamba wamwako wekha, ndipo aliyense amadziwa chifukwa chake. Pofika masana, m'malaini monse munali mutamveka kuti Esitere watumidwa ndi ofuna mpando. Anauzidwa kuti asafikenso ku nyumba ya bwana, kuti pakutha pa mwezi atuluke m'nyumba ya kampani, ndi kuti ufawo upita kupolisi.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza mai Esitere atakhala pa mulu wa bulugamu kuseri kwa boyila, pamene Yohane ankakonda kudyera tisanasamukire kumunsi. Sanalire.

"Achimwene, ntchito ipite, ndikalima nandolo kwa Khwethemule," anatero. "Koma kumjigo lero amayi anzanga achotsa zidebe zawo pafupi ndi changa. Ana a Yohane azitchedwa ana a wothira mankhwala?"

Ndinawafunsa mafunso ouma, ngati amene ndinkamva kukhoti. Ufa mwauona liti koyamba? Anati sankayang'ana, ankangotsuka. Makinawo asintha chilichonse? Anaganiza pang'ono.

"Masiku ano amachedwa. Kale ndinkati ndikayatsa, ndisese pakhonde, ndimapeza atentha. Pano ndimasesa pakhonde, kukazinga mazira, iwo akadali kuthetheka."

"Kuthetheka bwanji, achemwali?"

"Ngati chimanga pa phale."

Kenako ndinafunsa za madzi. Anati chichepereni madzi m'damu chaka chatha, pampope pamatuluka madzi ofiira, ndipo munthu sungapatse bwana matope. Choncho m'mawa uliwonse ankabwera ndi chigubu cha madzi a pa mjigo watsopano wa m'malaini, atasenza pamutu mtunda wonse uja. Sanauzepo munthu. Ankaona kuti ndi gawo la ntchito.

Masana ndinakagogoda ku ofesi ya bwana Jere. Anandimvera mpaka kumapeto, chifukwa anali munthu womvetsera, kenako anavula magalasi.

"A Mukhova, zimene mukunenazi n'zomveka. Koma mwaona?"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Linali funso la mkonzi wanga.

"Sindinaone, bwana. N'chifukwa chake ndikupempha nditsegule."

"Makina amenewa m'dziko muno mulibe wowakonza, mulibe sipeya. Mukathyola kanthu, athera pomwepo."

"Ndikudziwa."

"Ndipo mukatsegula n'kupeza m'kati muli mbee? Mwaganizapo? Ndiye kuti ufa uja unalowa ndi dzanja la munthu, ndipo mboni yake mudzakhala inuyo."

Pamenepa ndi pamene panali povuta. Makina sindinkawaopa. Ndinkaopa kuti ndi dzanja langa lomwe ndingamalize mkazi wa Yohane, pamene nditakhala chete mwina nkhani ikanangozizira, iye n'kuchoka mwakachetechete. Madzulo amayi anu anandiuza zomwezo mosapsatira. Anati, "Bambo, mwatsala pang'ono kupuma ndi dzina labwino. Nkhani za mankhwala munthu salowerera. Zikakanika adzati munali limodzi." Ndinawayankha kuti dzina la munthu wa ku boyila amene wamva boyila akulira n'kutembenuka si dzina loti ndipume nalo. Anangoti, "Ndiye muvale ovolosi yochapa."

Lamulungu la sabata lomwelo

Loweruka mai Esitere sakanabwera, ndipo ine ndinakana kutsegula iwo palibe. Choncho tinakumana Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi. Ndinapempha kuti makinawo atulutsidwe pakhonde, pa tebulo loyala nsalu yakuda, zonse zioneke. Panali bwana, madamu, mai Esitere ataima patali manja kumbuyo, ndi a Likhutu, alonda aja anafalitsa nkhani. Amenewa ndinawaitanitsa dala.

Sindinathamangire sipanala. Ndinawauza kuti zinthu zimene zingadetse makina otere ndi zitatu, ndipo tiyenera kuzichotsa chimodzichimodzi. Choyamba ndi mafuta a khofi. Ndinamasula kasefa ka pamene khofi amatulukira, n'kukapukuta ndi pepala loyera. Panatsala zakuda, zonanda, zonunkha khofi wakale. Zimenezo zimawawitsa khofi, koma si zoyera. Chachiwiri ndi mkaka, umene nthawi zina umakokedwa kulowa m'kapaipi ka nthunzi n'kuumira momwemo. Ndinamasula nsonga yake, n'kupereka kwa madamu kuti anunkhize. Munalibe fungo la mkaka wosasa. Bwana anati iwo khofi wa mkaka samwa n'komwe.

Kenako ndinathira madzi okhaokha, popanda khofi, n'kuyatsa. Ndinaika sikuludiraiva pa chitsulo, chogwirira pakhutu, ngati a Namalawe. Anali kuthetheka. Ndinapatsa bwana kuti amve okha.

"Iii, ngati mbuliwuli," anatero.

Nditatsegula nthunzi, inatuluka molavula, yofooka. Nditatsegula kampope ka madzi otentha m'tambula yagalasi, tonse tinawerama. Timafufuzi toyera tinali kutsikira pansi pang'onopang'ono. Madziwo anali atatunga madamu okha, m'tambula anatsuka okha, ndipo mai Esitere anali asanakhudze kanthu.

"Mwina anathira kale m'katimo," anatero a Likhutu.

"Ndiye tiyeni tilowe m'katimo, a Likhutu," ndinatero. "Inu ndinu alonda, mulondere manja anga."

Ndinazimitsa, kuzula chingwe, kutulutsa nthunzi yonse, n'kudikira azizire. Boyila wamkulu kapena wamng'ono, lamulo ndi limodzi: chotentha sichitsegulidwa. Nditachotsa chophimba, kaboyilako kanali kakang'ono ngati chitini cha mkaka wa ana. Ndinajambula papepala mmene mawaya analowera, n'kuyamba kumasula mabawuti mopingasa, pang'ono uku, pang'ono uko. Atatha onse, chivundikiro chinakana kutuluka. Ndinachigogoda ndi chogwirira cha mtengo. Chinatuluka, koma mphira wa pakati, umene umaletsa nthunzi kuthawa, unang'ambika pawiri m'manja mwanga. Ndinamva bwana akupuma mokoka. Sindinawayang'ane. Ndinatembenuza kaboyilako kuti dzuwa lilowemo.

Chitsulo chotenthetsera madzi sichinkaoneka n'komwe. Chinali chitakutidwa ndi chikhungwa choyera motuwira, cholimba ngati chigoba cha nkhono, china chitasweka n'kugwera pansi ngati mchenga. Pa kabowo kotulukira madzi panatsala mpata woti ungalowe singano yokha. Chinthu chotere sichimera tsiku limodzi, ndipo palibe dzanja limene lingachimate pamenepo.

Ndisanalankhule, madamu anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka ndi ndimu, mpeni, mbale ziwiri, ndi kapepala kamene anakulungamo ufa wa Lachinayi uja wopita kupolisi. M'mbale imodzi anapera kachidutswa ka m'kaboyila, m'mbale ina anathira ufa wa m'kapepala. Anafinyira ndimu ponse pawiri. Mbale zonse ziwiri zinachita tithovu tating'ono, kulira kuti tsii, mofanana ndendende.

"Ndi laimu," anatero motsitsa mawu. "Zimenezi ndimaphunzitsa ana a Fomu 2 chaka chilichonse."

Anaika mpeni pansi, n'kuyenda mpaka pamene panaima mai Esitere. Anagwada pa simenti yotentha ija, mwamuna wawo ndi alonda akuona.

"Mai Esitere, ndinachita mantha, ndipo mantha anandiphimba m'maso. Ndikhululukireni."

"Dzukani, madamu, mudetsa chitenje," anatero mai Esitere. Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndiye mukuti, achimwene, ndi madzi anga aja? Oyera aja?"

"Omwewo."

"Khosi langa lonseli ndinkasenza miyala?"

Bwana Jere anayamba kuseka, kenako tonse, ngakhale a Likhutu. Ine ndinaseka mochedwa, chifukwa mphira wong'ambika uja unali ukadali m'dzanja langa. Mphira wa ku fakitale sindikanaika, chifukwa si wa madzi omwa anthu. Anatipulumutsa ndi madamu. Anatulutsa poto wawo wa puresha wophikira nyemba, n'kuchotsa mphira wake wathyathyathya. Ndinaudula ndi lezala potsatira wakale. Woyamba unadontha. Wachiwiri unagwira. Zitsulo zonse tinaziviika m'madzi a mandimu osefa bwino, kutsuka, kuviikanso, mpaka mkuwa unaoneka. Ntchitoyi inatha Lachiwiri. Mai Esitere anali atabwerera pantchito. Titayatsa, asanamalize kusesa pakhonde makina anali atatentha kale, ndipo kapu yoyamba ndinamwa ndine. Kunena zoona, ndi chakumwa chowawa kwambiri, ndipo sindikumvetsa chimene anthu amachikondera.

M'mimba mwa bwana, adokotala anapeza kuti munali zilonda, zimene khofi wa m'mawa wopanda chakudya ankaziputa. Ufawo sunapite kupolisi. Lolemba lake madamu anapita okha kumjigo wa m'malaini, nthawi imene amayi amachuluka, n'kuika chidebe chawo pafupi ndi cha mai Esitere. A Likhutu anafotokoza zimene anaona, ngakhale kuti sanathamange nazo ngati mmene anathamangira ndi zoyamba zija. Pa madzi tinagwirizana kuti kuseri kwa khitchini kuikidwe thanki ya madzi a mvula, okhala ofewa, ndipo a makinawo aziyamba asefedwa.

Chaka chino

Pa tsiku lotsazikana nane kampani inandipatsa njinga ndi wotchi ya pakhoma, ndipo zolankhula zinatchula maboyila aakulu amene ndinasamala osaphulitsa ndi mmodzi yemwe. Zimenezo n'zoona ndipo ndimazinyadira. Koma mukandifunsa boyila amene ndimamukumbukira ndikakhala pakhonde pano, ndi uja wolowa m'dzanja limodzi.

Mai Esitere akadali pantchito, akadali m'nyumba yawo ya m'malaini, ndipo mwana wawo wamkazi akuphunzira unamwino ku mishoni. M'mawa uliwonse amakonza khofi wa bwana, ndipo mpaka lero sanalawepo ngakhale dontho. Chilimwe chino chatalika, thanki ija yaphwa, ndipo abwereranso ku madzi a pa mjigo. Dzulo anatumiza uthenga kuti makina ayambanso kuchedwa. Ndipita Lamulungu likudzali. Anena kuti ndibwere ndi mandimu okha, ndipo ndikakhale pampando, chifukwa sipanala ulendo uno agwira okha.